Brazil idawina mlandu wa thonje, nanga alimi a ku Mali adapeza chiyani?

Mu 2002 dziko la Brazil lidakasuma ku Geneva, kulikulu la WTO, bungwe loyang'anira malamulo a malonda a pakati pa mayiko. Wosumiridwa anali United States, ndipo mlandu unali wa thonje. Dandaulo la Brazil linali lakuti boma la America likuthira ndalama zankhaninkhani kwa alimi ake, alimiwo akulima thonje loposa limene akadalima paokha, ndipo thonje limenelo likafika pa msika wa dziko lonse likugwetsa mitengo kwa aliyense. Chaka chomwecho bungwe la Oxfam lidawerengetsa kuti alimi a thonje a ku America pafupifupi 25,000 adagawana madola 3.9 biliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndalama zoposa chuma chonse chimene dziko la Burkina Faso linkapanga pa chaka.

Brazil idawina. Oweruza oyamba adagamula mu 2004, a apilo adagwirizana nawo mu 2005, ndipo America itapitiriza kuzengereza, mu 2009 Brazil idaloledwa kubwezera ndi zilango za malonda za madola oposa 800 miliyoni. Koma mlandu udathera pa ndalama. Mu 2010 America idavomera kumapereka madola 147 miliyoni chaka ndi chaka ku thumba lotukula ulimi wa thonje ku Brazil, ndipo mu 2014 idautseka ndi madola 300 miliyoni. Ndondomeko zina za sabuside zidachotsedwa, zina zidangovala dzina latsopano, koma thandizo kwa alimi a ku Texas ndi Mississippi silidathe. Kwa zaka zingapo wokhoma msonkho wa ku America ankalipira alimi a kwawo, n'kumalipiranso alimi a ku Brazil kuti akhale chete.

Benin ndi Chad zidakhala nawo pa mlanduwo ngati mayiko okhudzidwa, zikufotokoza mmene alimi awo akusaukira. Sizidatengepo ngakhale tambala ya chipukutamisozi. Mali ndi Burkina Faso chimodzimodzi. Ndipo pamenepa palibe amene adabera mnzake. Malamulo ake amayenda motero.

Malamulowa adayamba mu 1947, pamene mayiko 23 adasaina mgwirizano wa misonkho ndi malonda wotchedwa GATT. Ku Africa kuno osaina nawo anali South Africa ndi Southern Rhodesia basi, ambirife tidali m'manja mwa atsamunda. Osainawo ankakumbukira za m'ma 1930, pamene America idakweza misonkho ya katundu wochokera kunja, ena n'kubwezera, malonda a dziko lonse n'kugwa chagada. Ndiye adakhazikitsa mfundo zitatu zimene mpaka lero ndiwo msana wa WTO. Ukatsitsira dziko limodzi msonkho wolowetsera katundu, utsitsire mamembala onse. Katundu wakunja akalowa, walipira msonkho wake, usamusalenso ndi malamulo amene katundu wa kwanu sakumana nawo. Ndipo dziko lililonse limalembetsa mlingo wa msonkho umene silidzapyola pa katundu wakutiwakuti.

Mfundozi n'zabwino, ndipo zidagwira ntchito. Misonkho ya katundu wa m'mafakitale m'mayiko olemera idatsika pang'onopang'ono mpaka pansi pa 5 peresenti. Vuto lidali pa zimene zidasiyidwa panja. Ulimi sudakhudzidwe kwenikweni, moti mu 1955 America idapatsidwa chilolezo chapadera chotchingira msika wake wa zaulimi mosatsata malamulo a GATT. Nsalu ndi zovala nazo zidapangiridwa lamulo lakelake, limene kuyambira 1974 linkaika malire pa kuchuluka kwa zovala zimene India, Pakistan kapena Bangladesh angagulitse ku Ulaya ndi ku America. Ulimi ndi zovala: zinthu ziwiri zenizeni zimene dziko losauka lingapikisane nazo ndi wina aliyense.

Zokambirana zimene zidabala WTO zidayambira ku Punta del Este, m'dziko la Uruguay, mu 1986, n'kukathera ku Marrakesh mu 1994. Bungwelo lidatsegula zitseko pa 1 January 1995, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zidalowa chaka chomwecho. Panali kusinthana. Olemera adalonjeza kulowetsa ulimi ndi zovala m'malamulo. Osauka adavomera malamulo atsopano oteteza umwini wa luso, monga wa mankhwala ndi mapulogalamu a kompyuta, komanso otsegula misika ya mabanki, inshulansi ndi matelefoni. Kusankhamo kunalibe, umatenga mtolo wonse kapena kukhala kunja. Malire a zovala adachotsedwadi, koma patatha zaka khumi, ndipo mbali yaikulu idasungidwa mpaka tsiku lomaliza, kumayambiriro kwa 2005.

Pa ulimi mpamene pagona nkhani. America ndi Ulaya zidayamba zamvana paziwiri mu November 1992, ku nyumba ya alendo a boma ya Blair House mu Washington, ndipo zimene zidamvanazo ndi zimene ena onse adadzapeza pa tebulo. Adagwirizana kuti sabuside yosokoneza malonda ichepetsedwe, koma kuchepetsako kuwerengedwe kuchokera pa zimene dziko linkapereka m'zaka za 1986 mpaka 1988. Amene ankapereka zambiri nthawi imeneyo adatsala ndi ufulu wopereka zambiri. America, mwachitsanzo, imaloledwa kufika madola 19.1 biliyoni pa chaka. Amene sankapereka kanthu chifukwa analibe, adalembedwa kuti mlingo wawo ndi ziro, kupatula kachigawo kosapyola 10 peresenti ya mtengo wa zokolola zawo. Kenaka thandizo lidagawidwa m'mabokosi a mitundu. La m'bokosi lachikasu, monga kugula mbewu pa mtengo woposa wa pa msika, lili ndi malire. La m'bokosi lobiriwira, monga kafukufuku kapena ndalama zopatsa mlimi mosayang'ana zimene walima chaka chino, lilibe malire. Mayiko a ku Ulaya adaphunzira msanga kusamutsa ndalama kuchoka m'bokosi lina kupita m'linzake. Koma mlimi amene cheke cha boma chimamupeza chaka chilichonse, kaya chilembedwe dzina lanji, sasiya munda mitengo ikagwa. Mnzake wa ku Sikasso, ku Mali, amasiya, kapena amagulitsa ng'ombe.

Mmene izi zimafikira m'thumba la mlimi wa ku Chikwawa kapena ku Balaka n'zosavuta kuzitsata. Wogula thonje akakoleka sikelo yake pa msika, mtengo wa kilogalamu sautola m'mutu. Kampani yake imayang'ana mtengo wa pa msika wa ku New York ndi umene amalengeza ku Liverpool, imachotsapo ndalama zochotsera njere, zomangira mabelo, za mathiraki opita ku Beira kapena ku Nacala, za sitima, za ngongole ya mbewu ndi mankhwala, ndi phindu lake. Chotsala ndicho cha mlimi. Wa thiraki ndi wa sitima salandira zochepa chifukwa thonje latsika. Mtengo wa kunja ukatsika pang'ono, kutsika konseko kumagwera munthu womaliza, amene wapalira, kupopera ndi kutola ndi manja.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. WTO siletsa Malawi kupereka feteleza wotsika mtengo, pakuti mgwirizano wa zaulimi umalola mayiko osauka kuthandiza alimi ang'onoang'ono ndi zipangizo. Ndipo mlingo wa msonkho umene Malawi idalembetsa pa zinthu zambiri zaulimi umaposa 100 peresenti, kutalitali ndi umene imalipiritsa. Amene adatsegula misika yambiri ya mu Africa anali a IMF ndi World Bank, kudzera m'ngongole za m'ma 1980 ndi 1990 zimene zinkabwera ndi mfundo zake. Mozambique idaziona pa mbibu. Cha m'ma 1995 World Bank idaumiriza boma kuchepetsa chitetezo cha mafakitale oswa mbibu kuti zizituluka zosaswa, makamaka kupita ku India. Ankati alimi apeza mtengo wabwino. Alimi adapezadi kangachepe, koma mafakitale ambiri adatsekedwa ndipo anthu masauzande adataya ntchito. Choncho mayiko ambiri a kuno adafika ku Geneva atatsitsa kale misonkho yawo, opanda chotsala chosinthanitsa.

Mu 2003 Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali zidachita chinthu chimene mayiko osauka anali asanachitepo. Pulezidenti wa Burkina Faso wa nthawiyo, Blaise Compaoré, adapita yekha ku Geneva kukapempha kuti sabuside ya thonje ithe, ndipo podikira kuti ithe, alimi awo alandire chipukutamisozi. Pa msonkhano wa nduna za mayiko a WTO ku Cancún, m'dziko la Mexico, mu September chaka chomwecho, chikalata chimene chidatuluka chidalangiza kuti mayiko odalira thonje athandizidwe kupeza zina zochita. Nthumwi za ku Africa zidamva bwinobwino: amene amalima thonje motchipa asiye, amene amalima modula apitirize. Msonkhanowo udatha popanda mgwirizano, pa zifukwa zingapo, thonje lili chimodzi mwa izo. Zokambirana za ku Doha, zimene zidayamba mu 2001 ndi lonjezo loika chitukuko patsogolo, mpaka lero sizidamalizidwe. Chachikulu chimene chidatuluka pa ulimi ndi chigamulo cha ku Nairobi mu 2015, choletsa sabuside yolipira mwachindunji wogulitsa kunja. Thandizo la m'kati mwa dziko, limene ndilo lalikulu, lidatsala momwemo, ndipo masiku ano China ndi India nazo zimathira ndalama zambiri pa thonje lawo.

Nanga bwanji mayiko anayi aja sadasume okha? Ku WTO dziko lililonse lili ndi mawu amodzi, ndipo zinthu zimagamulidwa onse akavomereza. Pa pepala Lesotho ndi yofanana ndi Japan. Koma mayiko olemera ali ndi akatswiri ndi maloya ambirimbiri ku Geneva, pamene ofesi ya dziko losauka imakhala ndi anthu owerengeka oti aziyendera WTO ndi mabungwe onse a United Nations mu mzindamo, misonkhano itatu ikuchitika ola limodzi. Mlandu umatenga zaka ndi ndalama. Kuli ofesi yothandiza mayiko osauka pa zamalamulo imene idatsegulidwa mu 2001, komabe mwa mayiko osaukitsitsa onse, ndi Bangladesh yokha imene idasumirapo dziko lina, mu 2004, pa nkhani ya mabatire ndi India.

Chachikulu kuposa ndalama za maloya ndi chimene umapeza ukawina. WTO ilibe apolisi, ndipo silipiritsa chindapusa. Imangokulola kukweza misonkho pa katundu wa wolakwayo. Zili ngati khoti la kwa mfumu likuuze kuti mlandu wakukomera, koma mbuzi ukalande wekha kwa munthu amene ndiye amakubwereka ngolo. Mali ikakweza msonkho pa katundu wa ku America, ku Washington palibe angamve, ovutika ndi anthu a ku Bamako amene zinthu zawadulira. Brazil idamveka chifukwa msika wake ndi waukulu, komanso idaopseza kusiya kulemekeza umwini wa mankhwala, mafilimu ndi nyimbo za ku America. Eni makampani amenewo ndi amene adathamangira ku boma lawo. Kadziko ka Antigua and Barbuda kadawina America pa mlandu wa juga ya pa intaneti, mu 2007 kadaloledwa kubwezera mpaka madola 21 miliyoni pa chaka, koma kadaopa kugwiritsa ntchito chilolezocho, ndipo America sidasinthe.

Pa mankhwala mpamene osauka adakankhapo n'kusuntha chinthu. Lamulo la umwini wa luso limapatsa wotulukira mankhwala zaka 20 zogulitsa yekha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ma ARV a munthu mmodzi ankadya madola oposa 10,000 pa chaka, maliro ali tsiku ndi tsiku. Makampani 39 a mankhwala adatengera boma la South Africa kukhoti chifukwa cha lamulo lofuna kugula mankhwala otchipa, koma dziko lonse litawakuwiza adausiya mlanduwo mu April 2001. Chaka chomwecho kampani ya Cipla ya ku India idati ingathe kupereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa chaka, ndipo mu November nduna ku Doha zidalengeza kuti malamulo a umwini asatchinge boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Ma ARV aulere amene Malawi idayamba kugawa mu 2004 adatheka chifukwa cha mitengo yotereyi. Koma Covid itabwera, India ndi South Africa zidapempha mu October 2020 kuti malamulowa ayambe aimitsidwa, ndipo yankho lidabwera mu June 2022, lokhudza katemera yekha, mliri utadutsa kale pachimake.

Kunena kuti olemera ali uku, osauka uku, n'kufupikitsa nkhani. Brazil yomweyo, pamodzi ndi Australia ndi Thailand, idawinanso Ulaya pa mlandu wa shuga mu 2005. Ulaya udakonzanso ndondomeko yake n'kudula mtengo wa shuga ndi 36 peresenti. Olira adali Mauritius, Fiji, Swaziland ndi Malawi, amene kwa zaka zambiri ankagulitsa shuga wawo ku Ulaya pa mtengo wokwera uja. Chigamulo chimene chidakomera minda ya nzimbe ya ku São Paulo chidapweteka ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Izi zikutifikitsa pa mwayi wapadera umene olemera amapereka. Kuyambira 2001 Ulaya umalola mayiko osaukitsitsa kugulitsa chilichonse kupatula zida zankhondo popanda msonkho. America idakhazikitsa AGOA, lamulo lolola katundu wambiri wa mayiko ena a ku Africa kulowa ku America popanda msonkho, mu 2000. Mwayi umenewu ndi weniweni, udamangitsa mafakitale a zovala ku Lesotho, Kenya ndi Madagascar. Koma si ufulu, ndi mphatso, ndipo wopereka angathe kuilanda. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa adagwirizana kuthetsa kaunjika kuti adzutse mafakitale awo a nsalu. Amalonda otumiza kaunjika a ku America adadandaula ku boma lawo. Kenya idabwerera m'mbuyo, Tanzania ndi Uganda n'kutsatira. Rwanda, imene idakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 kufika madola 2.50 pa kilogalamu, idakana, ndipo mu 2018 zovala zake zidachotsedwa pa AGOA. Kaya kuletsa kaunjika n'kwanzeru kapena ayi ndi nkhani ina, pakuti aliyense amene adaonapo belo likutsegulidwa pa msika akudziwa mabanja angati amadya ndi kuvala kuchokera pamenepo. Mfundo ndi yakuti chisankhocho sichidalinso cha Kenya. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndiponso msonkho ukachoka, khomo silikhala lotsegula. Mtedza wopita kukadyedwa ku Ulaya suyenera kupyola mamaikulogalamu 4 a poizoni wa chuku pa kilogalamu, pamene America imalola mpaka 20. Poizoniyo ndi woopsadi, amawononga chiwindi, ndipo sitinganene kuti lamulolo ndi chiwembu. Koma taganizani kumene vutolo limayambira: mtedza wokumbidwa mochedwa, woyanikidwa pa dothi, wowazidwa madzi kuti makoko afewe potendera kapena kuti thumba lilemere pa sikelo, kenaka n'kusakanizidwa ndi wa alimi ena zana m'nyumba ya venda. Kuti kontena imodzi idutse pamafunika zoumitsira, nkhokwe zabwino ndi labotale yovomerezeka. Mlimi wa ku Georgia, ku America, zonsezi adazipeza zilipo. Wa ku Mchinji ayenera kuziyamba, ndipo mtedza wokanidwa kunja ndi umene umatsala m'mphika wa ana ake.

Pali mayiko amene malamulo omwewa adawatukula. China idalowa WTO mu December 2001 n'kusanduka fakitale ya dziko lonse. Vietnam idalowa mu 2007. Bangladesh, imene ambiri ankati igwa malire a zovala akachoka, idakula kufika pa mayiko otsogola pogulitsa zovala. Koma onsewa adafika ali ndi madoko, magetsi ndi mafakitale oyambirapo, ndipo China ndi South Korea zidateteza mafakitale awo kwa nthawi yaitali zisanatsegule. Olemera a lero adachitanso chimodzimodzi. Britain idaletsa nsalu zamaluwa za ku India mu 1700 ndi 1721 kuti oluka ake apume, ndipo Alexander Hamilton, nduna ya zachuma ya America, mu 1791 adalembera nyumba ya malamulo ya dzikolo kuti mafakitale akhanda ayenera kutetezedwa. Zida zambiri zimene iwo adagwiritsa ntchito, monga kukakamiza fakitale yakunja kugula zipangizo za m'dziko momwemo, kapena kukopera luso la ena, lero n'zoletsedwa kapena zomangidwa.

Chodabwitsa n'chakuti amene atopa ndi malamulowa tsopano ndi amene adawalemba. M'matauni a ku America momwe mafakitale a mipando ndi nsalu adatsekedwa katundu wa ku China atasefukira, mkwiyo udasanduka mavoti. Maboma a zipani zonse ziwiri adadandaula kuti oweruza a apilo ku WTO akupyola mphamvu zawo, ndipo America idakana kuvomereza oweruza atsopano mpaka mu December 2019 khotilo lidaima. Lero dziko likaluza mlandu limangochita apilo ku khoti lopanda oweruza, chigamulo n'kufera pomwepo. Mayiko ena, motsogozedwa ndi Ulaya, adapanga njira yawo yongoyembekezera mu 2020, koma America mulibe. Ngozi Okonjo-Iweala wa ku Nigeria, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa ku Africa kutsogolera bungweli, adalandira mpando mu 2021 zinthu zili choncho.

Amene ankalakalaka WTO itafa ayenera kuyang'ana ku Maseru, likulu la Lesotho. Pa 2 April 2025 Pulezidenti Donald Trump adalengeza misonkho yosiyanasiyana pa mayiko pafupifupi onse, mosayang'ana mlingo umene America idalembetsa ku Geneva kapena mfundo yakuti onse alipire mofanana. Lesotho idapatsidwa 50 peresenti, pamwamba penipeni pa mndandanda. Chiwerengerocho chidachokera pa kusiyana kwa zimene dziko limagulitsa ku America ndi zimene limagulako. Lesotho imagulitsa majinzi ndi dayamondi, koma anthu ake alibe ndalama zogulira katundu wambiri wa ku America, choncho umphawi wake womwewo udawerengedwa ngati mlandu. Msonkhowo udaimitsidwa patangotha masiku ochepa, koma ogula a ku America anali atayamba kale kuimitsa maoda, mafakitale ena adatumiza antchito kunyumba, ndipo mu July boma lidalengeza kuti ulova wafika pa ngozi yogwera dziko. Pofika mu August msonkho wa Lesotho udakhazikika pa 15 peresenti, pamene Kenya, imene imasoka zovala zopita ku msika womwewo, idali pa 10.